Kodi munthu wopanda chiphaso amaoneka bwanji?

Pa 23 Epulo 2010, bwanamkubwa wa chigawo cha Arizona ku America, mayi Jan Brewer, atangomaliza kusaina lamulo latsopano lothana ndi anthu olowa m'dzikomo mozemba, mtolankhani wina adawaponyera funso looneka ngati lachibwana. Adafuna kudziwa kuti munthu wolowa m'dziko popanda chilolezo amaoneka bwanji. Mayiwo adayankha mosabisa kuti iwo sakudziwa.

Yankholi lidali loona, ndipo vuto lonse lidagona pomwepo. Lamulo lomwe adali atangosainalo, lotchedwa SB 1070, linkalamula wapolisi aliyense wa m'chigawocho kuti afufuze mapepala a munthu ngati ali ndi chifukwa chomveka chomuganizira kuti ali m'dzikomo popanda chilolezo. Wosaina lamulo sankadziwa maonekedwe a munthu wotero, koma wapolisi wapamsewu, dzuwa la ku Phoenix likumuwamba pamutu, ankayembekezeka kudziwa. Phungu wina wa ku California, a Brian Bilbray, adayesa kuthandizapo pa wailesi ya kanema ponena kuti wapolisi wodziwa ntchito angathe kumuzindikira munthuyo poona zovala zake, ngakhale nsapato zimene wavala. Ambiri adaseka. Amene ali ndi khungu lofiirira ndipo amavala nsapato zogwirira ntchito yomanga sadaonepo choseketsa.

Arizona si malo amene munthu angalozepo mlendo ndi chala mosavuta. Mbali yaikulu ya derali idali ya Mexico mpaka nkhondo ya Mexico ndi America itatha mu 1848, ndipo chigawo cha kumwera, kumene kuli mzinda wa Tucson, America adachita kugula mu 1853. Kuli mabanja olankhula Chisipanishi amene makolo awo sadawolokepo malire. Malirewo ndiwo adabwera kudzawapeza ali pakhomo. Mtundu wa Tohono O'odham udadulidwa pakati ndi mzere womwewo, abale ena kuno ena uko, monga zimakhalira ndi Achewa a ku Mchinji ndi a ku Chipata. Pamene lamuloli linkasainidwa, pafupifupi anthu atatu mwa khumi aliwonse m'chigawocho adali ochokera ku mtundu wa olankhula Chisipanishi, ndipo ochuluka mwa iwo adali nzika zenizeni za America. Wapolisi akamafunafuna wozemba poyang'ana nkhope, anthu oyamba kuwapeza ndi amenewa.

Komabe kungakhale kunama kunena kuti onse amene adaombera m'manja lamuloli adali odana ndi alendo basi. Arizona idali ndi dandaulo lenileni. Malire ake ndi Mexico ndi otalika makilomita pafupifupi 600, mbali yaikulu ili chipululu. M'zaka za m'ma 1990 boma lalikulu la ku Washington lidakhwimitsa chitetezo ku El Paso m'chigawo cha Texas ndi ku San Diego m'chigawo cha California, poganiza kuti anthu akaona chipululu adzachita mantha n'kubwerera. Sadabwerere. Adalowera m'chipululu momwemo, ambiri n'kumafera m'njira ndi ludzu, ena n'kumadutsa m'mafamu a alimi a ng'ombe usiku, kudula waya ndi kusiya zipata zotsegula. Ozembetsa anthu ndi mankhwala ozunguza bongo adatsata njira yomweyo. Boma lalikulu linkawerengera kuti mu 2009 m'chigawocho munali anthu opanda mapepala okwana 460,000. Nyumba ya malamulo ya dziko lonse idayesa kukonza malamulo olowera m'dziko mu 2006 ndi mu 2007, koma maulendo onse awiri aphungu adangokangana n'kubalalika. Kenako chuma chidagwa mu 2008, ntchito zomanga nyumba zomwe zinkalemera nazo Arizona zidaima, ndipo anthu omwe dzulo ankafunidwa m'mamawa uliwonse kuti adzasenze njerwa adasanduka mtolo. Mu Malichi 2010 mlimi wina wodziwika adapezeka atawomberedwa pafamu yake pafupi ndi malire. Wakuphayo sadapezeke, koma mkwiyo udali utapeza kale woloza.

Andale sachedwa kununkhiza mpata wotere. Phungu Russell Pearce wa ku Mesa adali atayesa kwa zaka zingapo kudutsitsa malamulo amtunduwu, koma bwanamkubwa wakale, mayi Janet Napolitano, ankawakana. Mayiwo atatengedwa ndi pulezidenti Barack Obama mu 2009 kukakhala nduna yoona za chitetezo cha m'dziko, mpando udagwera a Brewer, amene chisankho chinkawadikirira kumapeto kwa 2010. A Pearce, mothandizidwa ndi katswiri wa malamulo Kris Kobach wa ku Kansas, adalemba bilu yawo, ndipo ulendo uno cholembera cha bwanamkubwa sichidanjenjemere. Ziwerengero za apolisi zinkaonetsa kuti milandu yachiwawa m'chigawocho idali ikutsika, koma nkhani ya mlimi wophedwa idamveka kutali kuposa ziwerengero.

Kupatula kufunsa mapepala kuja, lamuloli lidapanga kukhala mlandu m'chigawocho ngati mlendo ayenda osanyamula chiphaso chake, lidapanga kukhala mlandu ngati wopanda chilolezo afunsira kapena kugwira ntchito, ndipo lidalola wapolisi kumanga munthu popanda kalata ya khoti ngati akukhulupirira kuti munthuyo adapalamula mlandu womuyenera kuthamangitsidwa m'dziko. Padalinso kandime kena kochenjera, komwe sikadakambidwe mokwanira: nzika iliyonse idapatsidwa mphamvu yosumira polisi ya kwawo ngati ikuona kuti apolisiwo akuchita ulesi potsata lamuloli. Wapolisi adapanikizidwa mbali zonse ziwiri. Akafunsa mapepala, amusumira kuti wasankha mtundu. Akapanda kufunsa, amusumira kuti wanyozera lamulo. N'chifukwa chake akuluakulu angapo a polisi, kuphatikizapo a Clarence Dupnik a ku boma la Pima, adalitsutsa poyera. Patangotha sabata imodzi aphungu adalikonza pang'ono, kunena kuti wapolisi azifunsa pokhapokha ngati waimitsa kale munthuyo pa chifukwa china chovomerezeka. Koma amene adayendetsapo galimoto amadziwa kuti wapolisi akafuna kukuimitsa, chifukwa sichisowa.

Kunyanyala kudayamba inki isadaume. Chodabwitsa n'chakuti mmodzi mwa oyamba kuitana anthu kuti asabweretse misonkhano yawo ku Arizona adali mwana wa komweko, phungu Raúl Grijalva wa ku Tucson. Ofesi yake idatsekedwa kwa kanthawi chifukwa cha mafoni oopseza. Mizinda ya San Francisco, Oakland, Seattle ndi Boston idatsatira, ina kuletsa antchito ake kupita ku Arizona pa ndalama za khonsolo, ina kulonjeza kusapangananso malonda ndi makampani a kumeneko. Pa 12 Meyi khonsolo ya Los Angeles idavomereza kunyanyala ndi mavoti 13, wotsutsa mmodzi yekha. Boma la Mexico lidachenjeza nzika zake zopita ku Arizona kuti ziyembekezere kuvutitsidwa, ndipo msonkhano wa abwanamkubwa a m'malire womwe umayenera kuchitikira ku Phoenix udalephereka chifukwa anzawo a ku Mexico adakana kupondako.

Oimba nawo adalowerera. Zack de la Rocha wa gulu la Rage Against the Machine adasonkhanitsa anzake, pakati pawo Kanye West ndi gulu la Cypress Hill, kuti asakaimbe m'chigawocho. Timu ya basketball ya Phoenix Suns idasankha njira ina: pa 5 Meyi, tsiku la chikondwerero cha anthu ochokera ku Mexico, idalowa m'bwalo kukakumana ndi San Antonio Spurs itavala malaya olembedwa dzina la timuyo mosakaniza ndi Chisipanishi, Los Suns. Idapambana masewerowo.

Panalinso zoseketsa. Anthu ena okwiya adasiya kumwa chakumwa chotchedwa AriZona Iced Tea, mpaka eni ake adachita kulengeza kuti kampani yawo ndi ya ku New York ndipo ku Arizona idangobwerekako dzina. Mkulu wina wa bungwe loyang'anira zamagetsi ku Arizona, a Gary Pierce, adalembera kalata meya wa Los Angeles, a Antonio Villaraigosa, kuwakumbutsa kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi a mzinda wawo limachokera ku Arizona, ndipo ngati akufunadi kunyanyala, iye ndi wokonzeka kuthandiza kuti magetsiwo asamapitenso. Magetsi sadazime. Koma khonsolo ya Los Angeles yomweyo, patangopita masabata owerengeka, idayamba kupatula makontrakiti ena omwe sikadatha kuwasiya, monga ya makamera ojambula magalimoto olumpha maloboti. Kunyanyala n'kosavuta pa tsiku lovota. Kumavuta tsiku limene wonyanyalayo akufuna katundu.

Anthu a ku Arizona sikadali koyamba kulawa zoterezi, ndipo onyanyala ankadziwa bwino pamene pali chilonda. Mu 1987 bwanamkubwa Evan Mecham adafafaniza tchuthi chokumbukira Martin Luther King, ndipo mu 1990 ovota adakana kuchibwezeretsa. Akuluakulu a mpira wa ku America adalanda chigawocho masewero aakulu a Super Bowl a 1993 n'kuwapititsa ku Pasadena, ku California. Misonkhano yambirimbiri idathawa. Mu 1992 ovota omwewo adavomereza tchuthicho, ndipo mu 1996 Super Bowl idabwera ku Tempe. Chuma cha Arizona chimadalira kwambiri alendo odzaona Grand Canyon, odzasewera gofu nyengo yozizira ndi odzachita misonkhano m'mahotela akuluakulu. Chigawo chotere chikaipa mbiri, thumba limamva msanga. Bungwe la Center for American Progress, lomwe linkatsutsa lamuloli, lidawerengera kumapeto kwa 2010 kuti misonkhano yolephereka yokha idatayitsa Arizona madola 141 miliyoni m'miyezi yochepa yoyambirira.

Funso lomwe onyanyala sankakonda kulimva ndi lakuti ndalama zimenezo zidachoka m'thumba la yani. A Pearce malipiro awo sadachepe. Msonkhano ukalephereka, amene amauzidwa kuti mawa asabwere ndi mayi woyala mabedi m'hotela, mnyamata wotsuka mbale kukhitchini, dalaivala wa takisi wa pabwalo la ndege, ndipo ku Phoenix ambiri mwa anthu amenewa ndi omwewo amene kunyanyalako kunkati kukuwateteza. Eni malo oimbira ang'onoang'ono, omwe ambiri ankadana nalo lamuloli, adadandaula kuti oimba akuwalanga iwo m'malo mobwera kudzaimba ndi kulimbikitsa achinyamata kukalembetsa mavoti. Dandaulo limeneli lidali lomveka, ndipo wolemba nkhani ino saona kuti lidayankhidwa mokwanira.

Pa ndale, kunyanyalako poyamba kudaoneka ngati kwabweza moto. Kafukufuku wa bungwe la Pew adapeza kuti anthu 59 mwa 100 aliwonse m'dziko lonse la America ankagwirizana nalo lamuloli. Anthu a ku Arizona, ngakhale ena omwe ankakayika, adaipidwa kuona anthu a ku California akuwaphunzitsa khalidwe. A Brewer, omwe chaka chisadayambe ankaoneka ofooka, adapambana chisankho cha Novembala 2010 mosavuta. A Grijalva, omwe mpando wawo udali wosagwedezeka kwa zaka zambiri, adapulumukira mkamwa mwa mbuzi, ngakhale adali atasiya kale kuitanira anthu kunyanyala. Masewero aakulu a baseball a All-Star, omwe ambiri adafuna kuti asamutsidwe, adachitikira ku Phoenix komweko mu Julayi 2011.

Chomwe chidaimitsa lamuloli ndi khoti. Boma la a Obama lidasumira Arizona, ndipo pa 28 Julayi 2010, kutatsala tsiku limodzi kuti lamuloli liyambe kugwira ntchito, woweruza Susan Bolton adaimitsa ndime zake zikuluzikulu. Nkhani idakwera mpaka kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo, lomwe lidapereka chigamulo pa 25 Juni 2012. Oweruza asanu, atatu akutsutsa, adafafaniza ndime zitatu: ya kuyenda osanyamula chiphaso, ya kufunsira ntchito, ndi ya kumanga popanda kalata ya khoti. Woweruza Anthony Kennedy, amene adalemba chigamulocho, adavomereza kuti Arizona ili ndi zifukwa zokhumudwira, koma adati nkhani ya olowa ndi otuluka m'dziko ndi ya boma lalikulu, popeza imakhudza ubale ndi maiko ena, ndipo dziko silingakhale ndi malamulo 50 osiyanasiyana pa nkhani imodzi. Adakumbutsanso chinthu chomwe ambiri sachidziwa: m'malamulo a America, kungopezeka m'dzikomo chilolezo chitatha si mlandu womangitsa munthu ngati kuba, chilango chake n'kubwezedwa kwanu.

Ndime yofunsa mapepala ija, yomwe idautsa mapiri pachigwa, idapulumuka. Oweruza adati n'kulawirira kuifafaniza isadayambe kugwira ntchito, ndipo adangochenjeza kuti wapolisi asasunge munthu nthawi yaitali pongofuna kufufuza mapepala ake.

Apa mpamene pali phunziro lowawa la mlanduwu. Anthu zikwizikwi omwe ankaguba m'misewu ya Phoenix ankadandaula za kusankhidwa chifukwa cha khungu. Malamulo aakulu a America ali ndi mayankho pa dandaulo lotero: ndime yachinayi yowonjezera imaletsa boma kugwira kapena kusecha munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo ndime ya 14 imati chigawo chisamane munthu aliyense chitetezo chofanana cha malamulo. Mawu akuti munthu aliyense adasankhidwa dala m'malo mwa nzika, ndipo khoti lidatsimikiza zimenezi kalekale mu 1886 pa mlandu wa Yick Wo, Mtchaina wochapa zovala ku San Francisco, n'kubwerezanso mu 1982 pamene lidaletsa Texas kuthamangitsa m'sukulu ana a anthu opanda mapepala. Koma mlandu wa Arizona sudayende njira imeneyo. Tsiku lomva mlanduwo, loya wa boma lalikulu Donald Verrilli asadapite patali, mkulu wa oweruza John Roberts adamudula n'kumufunsa kuti atsimikize kuti dandaulo lake silikukhudza kusankha mtundu. Loyayo adavomera. Mlandu wonse udasanduka wolimbirana mphamvu pakati pa Washington ndi Phoenix. Khoti lidayankha funso lakuti woyenera kufunsa chiphaso ndani, n'kusiya lakuti woyenera kufunsidwa ndani.

Funso lachiwirili lidakayankhidwa kukhoti lina laling'ono, pa mlandu womwe udayamba SB 1070 isadabadwe n'komwe. Mu 2007 apolisi a Joe Arpaio, mkulu wa polisi wa boma la Maricopa, amene ankadzitama kuti ndiye wouma mtima kuposa onse m'America ndipo ankagoneka akaidi m'matenti pa kutentha kwa m'chipululu, adaimitsa galimoto ku Cave Creek. M'galimotomo mudali Manuel de Jesus Ortega Melendres, mlendo wochokera ku Mexico amene adali ndi viza yabwinobwino. Adamusunga maola pafupifupi 9 asadamumasule. Mlandu wake, womwe adaphatikizana ndi nzika zina za America zomwe zidaona zofanana, udatha zaka, ndipo mu Meyi 2013 woweruza Murray Snow adagamula kuti apolisi a Arpaio ankaimitsadi anthu poyang'ana mtundu wawo. A Arpaio adanyozera malamulo a khoti, adagonja pa chisankho cha 2016, ndipo mu 2017 adapezeka olakwa pa mlandu wonyoza khoti, woweruza wake ali mayi Bolton omwe aja. Pulezidenti Donald Trump adawakhululukira asadalandire n'chilango chomwe. Ndalama zokonzera polisi yomwe adaisiya, zomwe zadutsa kale madola 200 miliyoni, akulipira ndi anthu okhoma msonkho a ku Maricopa. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu.

Ndipo palibe amene anganene kuti sadachenjezedwe. Mu Julayi 1997 apolisi a mumzinda wa Chandler, kufupi ndi Phoenix, adachita chipikisheni cha masiku asanu n'kugwira anthu opanda mapepala 432. Pochita zimenezo adaimitsanso nzika zambiri, ena chifukwa chongomveka akulankhula Chisipanishi, ndipo mzindawo udalipira madola 400,000 kuti mlandu uthe.

Tsono kunyanyala kuja kudapita pachabe? Wolemba nkhani ino akuti ayi, ngakhale phindu lake lidatulukira pakhomo lina. Kumayambiriro kwa 2011 a Pearce adali atakwera kukhala mtsogoleri wa nyumba yaikulu ya malamulo ya Arizona, ndipo adabwera ndi mabilu ena okhwima kuposa oyamba: ofuna kutsutsa unzika wa ana obadwira m'America kwa makolo opanda mapepala, ofuna kuti zipatala ndi sukulu zizifunsa ziphaso. Chipani chawo cha Republican chidali ndi aphungu ochuluka zedi, moti panalibe chowaletsa. Mu Malichi chaka chimenecho akuluakulu a makampani okwana 60 adasaina kalata yopita kwa a Pearce, kuwapempha kuti aleke, ponena mosapsatira kuti kunyanyala kwawapweteka ndipo sakufuna kubwerezanso. Mabilu asanu adagwa tsiku limodzi, aphungu a chipani cha a Pearce chomwe atawatembenukira. Mu Novembala 2011 anthu a ku Mesa adawachotsa pampando nthawi yawo isadathe, chinthu chomwe chidali chisadachitikepo kwa phungu aliyense m'mbiri ya Arizona. Wowagonjetsa, a Jerry Lewis, adali wa chipani chomwecho ndi mpingo womwewo wa Mormon. Khoti limadikira kuti lamulo lilembedwe ndi kusainidwa lisadalankhulepo. Mabilu asanu aja sadafike n'kukhoti komwe, ndipo chomwe chidawapha ndi mantha a eni makampani.

Zigawo zomwe zidatengera Arizona zidaphunzira mochedwa. Georgia idakhazikitsa lamulo lake mu 2011, antchito a m'minda adathawa, ndipo alimi adaonerera mbewu zikuwolera m'munda. Alabama idapanga lokhwima koposa, ndipo mu Novembala chaka chomwecho wapolisi wa ku Tuscaloosa adamanga bwana wina wa ku Germany wa kampani ya Mercedes-Benz, yomwe chigawocho chidachita kuinyengerera kuti idzamange fakitale kumeneko, chifukwa adasiya pasipoti yake kuhotela. Akuluakulu a boma adachita manyazi kwambiri. Walira mvula walira matope. Koma n'zomvetsa chisoni kuti padafunika mzungu wa suti kuti aone chomwe otchola tomato ankawauza miyezi yonseyo.

Otsutsa kunyanyala ankanena kuti n'kupondereza ovota, kuti anthu akunja akugwiritsa ntchito ndalama pofuna kugwetsa chomwe eni dera adasankha mwaufulu. Pa mizinda yogwiritsa ntchito ndalama za msonkho kulanga chigawo chinzake, mfundoyi ili ndi pogwira. Pa munthu wamba ilibe. Khoti lalikulu lomwelo lidagamula mu 1982, pa mlandu wa anthu akuda a ku Port Gibson ku Mississippi omwe adasiya kugula m'masitolo a azungu, kuti kunyanyala mwamtendere pa zifukwa za ndale ndi mbali ya ufulu wolankhula. Amene akuuza anzake kuti alemekeze malamulo aakulu a dziko ayenera kulandira ndime zonse, ndi iyi yomwe. Komanso chiwerengero cha ovota sichichotsa ufulu wa munthu mmodzi woimitsidwa pamsewu. Ndime ya 14 idalembedwa nkhondo yapachiweniweni itangotha, makamaka pofuna kuteteza anthu omwe ambiri a m'zigawo zawo sankawafuna. Ngakhale ku Montgomery, kumene anthu akuda adayenda pansi masiku 381 kukana mabasi a tsankho, chomwe chidatseka nkhani mu 1956 chidali chigamulo cha khoti. Koma pakadapanda oyenda pansiwo dziko silikadatchera khutu.

Mmalawi sangaiwerenge nkhaniyi ngati nthano ya kutali. Agogo ambiri omwe adapita ku Salisbury ndi ku migodi ya Joni ankadziwa tanthauzo la kuyenda ndi chitupa m'thumba, ndipo adzukulu awo ku Johannesburg lero amadziwa momwe wapolisi amayesera munthu ndi kalankhulidwe asadaone n'pasipoti yomwe, ndi kuti Lindela, kosungira alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, ndi malo otani. Mu Epulo 2015, mabasi atayamba kutuluka ku Durban kubweza Amalawi othawa zipolowe, bungwe loimira anthu ogula la CAMA lidaitana anthu kuti anyanyale masitolo a makampani a ku South Africa. Funso lidali lomwe lija la ku Phoenix: patilu ya sitoloyo pamakhala mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale. Ndipo mu Meyi 2023, apolisi ndi asilikali akusesa anthu othawa kwawo m'matauni kuwabweza ku Dzaleka, dziko lino lidali mbali inayo ya funsolo, ya wofunsa chiphaso.

Ku Arizona nkhani sidathe. Mu 2016 boma la chigawocho lidagwirizana ndi mabungwe omenyera ufulu kuti apolisi alangizidwe kusaimitsa kapena kusunga munthu pongofuna kufufuza mapepala ake, ndipo ndime ija idatsala yopanda mano ambiri. Achinyamata omwe adayamba ndale poguba mu 2010 adakula n'kulembetsa ovota zikwizikwi. Ena mwa iwo lero ndi aphungu ndi makhansala, ndipo mu 2020 Arizona idavotera Joe Biden, koyamba kusankha wa chipani cha Democrat chichokereni 1996. Koma mu Novembala 2024 ovota a chigawo chomwecho, oposa 60 mwa 100 aliwonse, adavomereza lamulo lina, Proposition 314, lopatsanso apolisi a m'deralo mphamvu yomanga owoloka malire mozemba. Ulendo uno panalibe mzinda womwe udanyanyala moti dziko n'kumva, ndipo eni makampani sadachite mantha ngati kale.

Mu Sepitembala 2025 khoti lalikulu lija lidabwereranso pafupi ndi funso lomwe lidalizemba mu 2012. Woweruza wina ku Los Angeles adali ataletsa apolisi a boma lalikulu oona za olowa m'dziko kuimitsa anthu pongotengera maonekedwe a mtundu wawo, kulankhula Chisipanishi, malo omwe apezeka, monga pochapira magalimoto, ndi mtundu wa ntchito yomwe akugwira. Oweruza asanu ndi mmodzi adachotsa chiletsocho pamene mlandu ukupitirira, atatu adatsutsa. Woweruza Brett Kavanaugh adalemba kuti mtundu wa munthu paokha sungakhale chifukwa chomuimitsira, koma ungawerengedwe pamodzi ndi zinazo, ndipo nzika ikafunsidwa ingoonetsa mapepala n'kumapita. Woweruza Sonia Sotomayor, mwana wa makolo ochokera ku Puerto Rico, adatsutsa mwamphamvu kuti zikatero aliyense wooneka ngati wa mtundu umenewo, wolankhula Chisipanishi ndi wogwira ntchito ya malipiro ochepa ali pa chiopsezo chogwidwa.

Pa awiriwa, mayi Sotomayor ndiwo akunena zomwe zidachitikadi ku Chandler ndi ku Cave Creek. A Melendres mapepala adali nawo m'thumba, adawaonetsa, ndipo adakhalabe m'manja mwa apolisi maola 9. Ndime yofunsa chiphaso ya SB 1070 ikadali m'buku la malamulo a Arizona mpaka lero.